Tsitsi, Mavitamini ndi Momwe Thupi Limagwiritsira Ntchito Chakudya

Tsitsi limene limaoneka pamutu ndi lakufa kale. Chamoyo ndi muzu wake, umene umakhala m'kathumba kakang'ono pansi pa khungu, ndipo pamutu pa munthu pali timatumba totere pafupifupi 100,000. Pansi penipeni pa muzu pali maselo amene amagawikana mofulumira kwambiri, kufanana ndi maselo opanga magazi m'mafupa ndi a m'matumbo. Maselo atsopano amakankhira akale m'mwamba, ndipo akalewo amadzaza ndi puloteni yolimba yotchedwa keratini, kenako amafa n'kukhala tsitsi. Tsitsi limatalika pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. La anthu akuda, lomwe ndi lopotana, limachedwerako pang'ono ndipo limaduka msanga popesa, n'chifukwa chake nthawi zina limaoneka ngati laima chikhalirecho likukula.

Muzu uliwonse uli ndi nyengo zake. Umameretsa tsitsi kwa zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi, kenako umafota kwa milungu iwiri kapena itatu, n'kupuma miyezi pafupifupi itatu. Mpumulowo ukatha, tsitsi lakale limagwa ndipo latsopano limayamba m'kathumba komweko. Mwa munthu wathanzi, mizu 85 mpaka 90 mwa 100 iliyonse imakhala ikumeretsa tsitsi, yotsalayo ikupuma. Popeza mizu siyendera limodzi, tsitsi limagwa pang'onopang'ono, 50 mpaka 100 patsiku, osaonetsa mpata pamutu. Mayi amene wamasula tsitsi limene linalukidwa milungu isanu ndi umodzi yapitayo amaona mulu waukulu pachipeso, koma wambiri mwa muluwo ndi tsitsi limene linagwa kale tsiku ndi tsiku n'kukodwa m'malukidwemo.

Kugawikana kwa maselo kotereku kumadya mphamvu, mapuloteni, mpweya wa m'magazi ndi michere yambiri. Komabe munthu akhoza kukhala ndi moyo wopanda tsitsi, pamene popanda mtima, ubongo kapena chiwindi sangakhale. Banja likaona kuti nkhokwe yatsika mwezi wa Januwale, limayamba lasiya kugula zosafunikira kwenikweni kuti ana asagone ndi njala. Thupi nalo likapanikizika limayamba kumana mizu ya tsitsi. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya mavitamini ndi tsitsi. Kuthothoka kwa tsitsi kawirikawiri ndi chizindikiro cha zimene zikuchitika kwina m'thupi, ndipo vitamini amathandiza pokhapokha ngati kusowa kwake ndiko kwayambitsa vutolo.

Kuthothoka kofala kwambiri kwa mtundu uwu madokotala amakutcha telogen effluvium, dzina limene dokotala wa khungu wa ku America, Albert Kligman, analigwiritsa ntchito mu 1961. Thupi likakumana ndi chinthu chachikulu, monga malungo aakulu, tayifodi, opaleshoni, kutaya magazi ambiri, chisoni cha maliro kapena kuonda kwadzidzidzi, mizu yambiri imasiya kumeretsa nthawi imodzi n'kulowa mu mpumulo. Tsitsi siligwa pomwepo. Limakhala chikhalire miyezi iwiri kapena itatu, kenako n'kuyamba kusosoka lambiri posamba ndi popesa. Kuchedwa kumeneku ndi kumene kumasokoneza anthu. Wodwala malungo mu Febuluwale amaona tsitsi likuthothoka mu Meyi, atachira kalekale, ndipo amaloza chala sopo watsopano, mafuta odzola, madzi a pachitsime kapena munthu amene anamugwira m'mutu. Dokotala wodziwa ntchito yake safunsa za sabata yatha. Amafunsa zimene zinachitika miyezi itatu yapitayo.

Amayi amene angobereka kumene amadutsa m'zimenezi kwambiri. Pa nthawi ya pakati, mahomoni amachititsa mizu kupitiriza kumeretsa tsitsi limene likanagwa kale, ndipo tsitsi limaoneka lodzaza. Mwana akabadwa mahomoniwo amatsika, ndipo pakapita miyezi iwiri mpaka inayi tsitsi lonse losungidwalo limagwa pamodzi. Kuyamwitsa si kumene kumachititsa, ndipo palibe chifukwa chosiyitsira mwana bere. Kwa amayi ambiri tsitsi limabwerera mwana asanakwanitse chaka. Likapitirira kuthothoka, m'pofunika kuyeza magazi ndi chithokomiro, pakuti zonse ziwiri zimatha kusokonekera mayi akabereka.

Pa zakudya zonse, choyamba ndi mapuloteni ndi mphamvu, mavitamini akubwera pambuyo. Umboni woonekeratu uli mwa ana odwala kwashiorkor, matenda otupikana amene dokotala Cicely Williams anawafotokoza m'zaka za m'ma 1930 akugwira ntchito ku Gold Coast, komwe lero ndi Ghana. Tsitsi la mwana wotere limafiira, limawongoka, limapyapyala ndipo limazuka mosavuta popanda mwanayo kumva kuwawa. Mwana amene wadutsa nyengo za njala ndi za chakudya mosinthana amatha kukhala ndi mizere yotuwa ndi yakuda pa tsitsi limodzi lomwelo. Azaumoyo m'zipatala za ku Malawi amazidziwa bwino zizindikirozi, ndipo mwana akayamba kulandira chiponde ndi chithandizo china, tsitsi lakuda limayambanso kumera kuchokera kumuzu. Akuluakulu nawo zimawagwera mwa njira ina: amene amadzimana chakudya kwambiri pofuna kuchepetsa thupi, amene achitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, ndi ena amene akuonda msanga ndi majakisoni atsopano ochepetsa thupi, amaona tsitsi likuthothoka pakatha miyezi ingapo.

Ayironi ndi amene ayenera kuganiziridwa kwambiri mwa amayi. Ndi amene amanyamula mpweya m'magazi, komanso maselo amamufuna popanga DNA nthawi iliyonse akamagawikana. Thupi limasunga ayironi wapadera m'puloteni yotchedwa ferritin, ndipo nkhokwe imeneyi imatha kutsika kwambiri munthu asanafike pooneka kuti magazi achepa. Bungwe la WHO limawerenga ferritin wosafika 15 mwa munthu wamkulu ngati kusowa ayironi, ndipo madokotala ambiri amayamba kuchitapo kanthu akatsika pansi pa 30. Akatswiri sagwirizana onse pa mlingo umene tsitsi limafuna, koma pamene ayironi wachepadi ndipo tsitsi likuthothoka, kumubwezeretsa n'koyenera, ngakhale pa zifukwa zina zoposa tsitsi.

Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu aliwonse a msinkhu wobereka ali ndi magazi ochepa. Zifukwa zake n'zodziwika: kutaya magazi ambiri pa msambo, mimba zotsatizana pafupipafupi, njoka zam'mimba zoyamwa magazi, likodzo, malungo, ndi chakudya chimene nsima imachuluka koma ndiwo za nyama zimasowa. Pano pali mfundo ziwiri zofunika kusamala nazo. Yoyamba, si kuchepa magazi konse kumene kumabwera chifukwa cha ayironi. Malungo ndi matenda ena okhalitsa amachepetsa magazi ayironi alipo. Yachiwiri, ferritin amakwera munthu akakhala ndi matenda otentha thupi, choncho woyezedwa akudwala akhoza kuoneka ngati ali ndi wokwanira pamene alibe. Kumwa mapiritsi a ayironi osayezetsa n'kosayenera, pakuti thupi lilibe njira yabwino yotulutsira wochuluka, ndipo amaunjikana m'chiwindi. Ndipo mwamuna kapena mayi wosiya msambo akapezeka kuti ayironi wachepa, funso lalikulu si la tsitsi ayi, koma la komwe magazi akutayikira, makamaka m'mimba ndi m'matumbo.

Ayironi wa m'chiwindi, nyama, nsomba monga usipa ndi matemba amalowa m'thupi mosavuta. Wa m'nyemba, nandolo, khobwe, bonongwe ndi chisoso amalowa movutikira, koma vitamini C amamuthandiza kwambiri. Gwafa, malambe, malalanje kapena matimati pa chakudya chomwecho zimasintha zinthu. Tiyi amachita zosiyana ndi zimenezi: akamwedwa pamodzi ndi chakudya amatsekereza ayironi, ndiye ndi bwino kuti pakhale kampata pakati pa tiyi ndi nsima.

Zinki amagwira ntchito m'magawo ambirimbiri a thupi opanga mapuloteni ndi maselo atsopano. Kufunika kwake pa tsitsi kumaoneka mwa makanda obadwa ndi vuto lolephera kuyamwa zinki m'matumbo: tsitsi limathothoka, amatsegula m'mimba, amatuluka zilonda kuzungulira pakamwa ndi kumatako, ndipo zonsezi zimatha akapatsidwa zinki. Ku Malawi nkhaniyi si yapatali. Kafukufuku wa michere ya m'thupi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti anthu pafupifupi 6 mwa 10 aliwonse ali ndi zinki wochepa m'magazi. Chimanga ndi nyemba zili ndi mchere wotchedwa phytate, umene umagwira zinki ndi ayironi m'matumbo kuti asalowe. Mgaiwa uli ndi michere yambiri kuposa ufa woyera, koma phytate nayenso ndi wochuluka momwemo. Ufa woyera wataya zonse ziwiri. Kuviika, kumeretsa chimera ndi kusasitsa, monga zimachitikira pophika thobwa, kumachepetsa phytate, ndipo kanyama kapena kansomba pang'ono pa ndiwo kamathandiza kuposa kuwonjezera nsima. Mapiritsi a zinki akamwedwa ambiri kwa nthawi yaitali amachotsa kopa m'thupi, ndipo zotsatira zake ndi kuchepa magazi ndi kuwonongeka kwa mitsempha.

Palibe vitamini amene watchuka pa nkhani ya tsitsi kuposa biotin, vitamini B7, ndipo palibenso amene mbiri yake yaposa ntchito yake ngati iyeyu. N'zoona kuti wosowa biotin tsitsi limathothoka, koma kusowa kwake n'kwa apo ndi apo, pakuti amapezeka m'mazira, mtedza, chiwindi ndi nyemba, ndipo munthu wamkulu amafuna mamayikirogalamu 30 okha patsiku. Amasowa mwa obadwa ndi vuto la chibadwa, mwa ena akumwa mankhwala a khunyu kwa nthawi yaitali, mwa zidakwa, ndi mwa odya mazira osaphika ambiri, chifukwa choyera cha dzira laliwisi chili ndi puloteni imene imagwira biotin. Akatswiri ataunika mu 2017 malipoti onse a anthu amene biotin anawathandiza tsitsi kapena zikhadabo, anapeza anthu 18, ndipo onsewo anali ndi vuto lina lodziwika. Mabotolo ogulitsidwa m'masitolo ndi pa intaneti amakhala ndi mamayikirogalamu 5,000 kapena 10,000 pa piritsi limodzi. Choopsa chake sichili pa tsitsi. Mu 2017 bungwe la FDA la ku America linachenjeza kuti biotin wochuluka chonchi amasokoneza zoyeza za m'labotale: amatha kubisa chizindikiro cha m'magazi chosonyeza kuti mtima wavulala, ndiponso amatha kuonetsa ngati chithokomiro chikugwira ntchito mopitirira pamene chili bwinobwino. Aliyense womwa mapiritsiwa ayenera kuuza dokotala asanatengedwe magazi.

Vitamini D ali ndi malo ake pa muzu wa tsitsi. Ana obadwa ndi vuto limene limalepheretsa maselo kumva vitamini ameneyu amakhala ndi mafupa ofooka, ndipo ambiri amataya tsitsi lonse. Anthu odwala alopecia areata, matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira mizu n'kusiya zigamba zozungulira zosalala, amapezeka kawirikawiri ndi vitamini D wochepa. Umboni woti kumwa mapiritsi ake kumabweza tsitsi mwa aliyense ndi wofooka. Khungu limapanga vitamini D likawombedwa ndi dzuwa, ndipo khungu lakuda limafuna dzuwa lochulukirapo, zimene zimakhudza kwambiri Amalawi ndi anthu a ku Zambia okhala kumayiko ozizira. Boma la Britain limalangiza anthu a khungu lakuda kuganizira zomwa mamayikirogalamu 10 tsiku lililonse chaka chonse. Mavitamini ena angotchulidwa mwachidule: kusowa B12 kumatha kubweretsa imvi msanga, ndipo kumachitika mwa osadya za nyama ndi ena omwa mankhwala a metformin zaka zambiri, pamene kusowa kwambiri vitamini C kumapotoza ubweya wa pakhungu n'kutulutsa magazi m'nkhama.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti michere ina ikachuluka imathothola tsitsi lomwelo. Vitamini A amasungidwa m'chiwindi, ndipo womwa wopitirira mamayikirogalamu 3,000 patsiku kwa nthawi yaitali akhoza kuuma khungu, kumva mutu ndi kutaya tsitsi. Kwa mayi woyembekezera akhoza kulumalitsa mwana. Ku Malawi shuga ndi mafuta ophikira zimathiridwa kale vitamini A, choncho wowonjezera mapiritsi angapo pamwamba pake ayenera kuwerengera bwino. Seleniyamu ndi chimodzimodzi. Dothi la madera ambiri a Malawi lili ndi seleniyamu wochepa ndipo anthu ambiri sapeza wokwanira, koma malire pakati pa wokwanira ndi wochuluka ndi aafupi. Mu 2008 ku America anthu 201 anadwala atamwa mankhwala owonjezera michere amene anali ndi seleniyamu wochuluka pafupifupi ka 200 kuposa zolembedwa pabotolo, ndipo ambiri a iwo tsitsi linathothoka komanso zikhadabo zinawonongeka.

Chakudya chikalowa m'thupi, mahomoni ndi amene amalamula kagwiritsidwe kake, ndipo mizu ya tsitsi imamvera mahomoniwo. Chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, ndi chimene chimaika liwiro la ntchito za maselo onse. Chikafooka, munthu amatopa, amamva kuzizira, amanenepa, amadzimbidwa, khungu limauma, tsitsi limakhala lokhakhala ndi loduka msanga, ndipo nthawi zina nsidze zimatha chakumapeto. Chikathamanga, munthu amaonda akudya, mtima umagunda kwambiri, amatuluka thukuta, ndipo tsitsi limapyapyala paliponse. Mchere wothira ayodini wachepetsa kwambiri kutupa kwa chithokomiro, koma matenda ake obwera chifukwa cha chitetezo cha m'thupi akadalipo, makamaka mwa amayi. Amapezeka poyeza homoni ya TSH m'magazi, ndipo akathandizidwa tsitsi limabwerera.

Nkhani ya insulini ndi yozama kuposa pamenepa. Insulini ndi homoni yochokera m'kapamba, imene imatsegulira shuga njira yolowera m'maselo. Mafuta akachuluka pamimba ndipo thupi likamakhala osagwira ntchito zolimba, maselo amayamba kusamvera insulini, ndipo kapamba amatulutsa wochuluka kuti shuga atsike. Izi zimatha kuchitika zaka zambiri matenda a shuga asanaoneke. Chizindikiro chimodzi ndi khungu lakuda, lokhuthala ndi lofewa kumbuyo kwa khosi ndi m'khwapa, limene ambiri amaliyesa litsiro n'kumalikhula ndi mwala. Mwa amayi, insulini wochulukayu amachititsa mabasiketi a mazira kupanga mahomoni achimuna ambiri, komanso amachepetsa puloteni ya m'chiwindi imene imamanga mahomoniwo. Ndi zimene zimachitika m'matenda a PCOS, amene amagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa 10 a msinkhu wobereka: msambo umadumphadumpha, ziphuphu zimachuluka, pakati pamavuta kutenga, ndevu zimamera pachibwano pamene paliwombo tsitsi likupyapyala. Mayi wotere sakusowa vitamini. Akufunika kuyezedwa shuga ndi mahomoni, ndipo kuchepetsa thupi pang'onopang'ono, kuyenda ndi mankhwala oyenera zimathandiza pa gwero lenileni la vutolo.

Dazi la amuna limachokera ku mtundu ndi ku mahomoni. Mu 1942 James Hamilton anaonetsa kuti amuna ofulidwa asanathe msinkhu sachita dazi, koma ena a iwo akapatsidwa homoni yachimuna ya testosterone dazi limayamba ngati kwawo lilipo. Homoni imene imagwira ntchitoyi ndi DHT, yopangidwa kuchokera ku testosterone. Imafupikitsa nyengo yomeretsa ndi kuchepetsa muzu mpaka tsitsi limasanduka kaubweya. Palibe vitamini amene angaletse zimenezi. Komabe pali mgwirizano ndi thanzi la thupi lonse. Kafukufuku wa ku Finland wofalitsidwa mu 2000 anapeza kuti amuna amene dazi linawayamba asanafike zaka 35 anali pa chiopsezo chachikulu chopezeka ndi insulini wochuluka, kunenepa ndi kuthamanga kwa magazi. Mu 2021 akatswiri a ku Tokyo anaonetsa mwa mbewa za m'labotale kuti chakudya cha mafuta ambiri chimatha maselo amene amayambitsanso muzu. Izi sizitanthauza kuti dazi limabweretsa matenda, kapena kuti wadazi aliyense ndi wodwala. Zikungosonyeza kuti mnyamata amene dazi lamuyamba msanga, mimba ikukula, ali ndi chifukwa chabwino choyezetsera shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mwa amene ali kale ndi matenda a shuga, ubweya ukatha m'miyendo khungu n'kumanyezimira, chikhoza kukhala chizindikiro choti magazi sakuyenda bwino kumapazi, ndipo m'pofunika kuonedwa msanga.

Pali kuthothoka kwina kumene chakudya ndi mahomoni sizikhudzidwa kwenikweni, ndipo kusakuzindikira kumatayitsa anthu ndalama ndi nthawi. Kuluka kokoka kwambiri, mesh wolemera ndi mawigi omata zimazula tsitsi la m'mphepete mwa chipumi ndi pamwamba pa makutu, makamaka ngati tsitsilo lathiridwa mankhwala owongola. Dokotala Nonhlanhla Khumalo ndi anzake anapeza vutoli mwa mayi pafupifupi mmodzi mwa atatu amene anawaona ku Cape Town. Likagwidwa msanga tsitsi limabwerera, koma kukoka kukapitirira zaka muzu umafa n'kusiya chipsera. Matenda ena osiya chipsera, otchedwa CCCA, amayambira paliwombo mwa amayi akuda n'kumafalikira kunja. Amayenda m'mabanja ena, ndipo kafukufuku wina wawapeza kawirikawiri mwa amayi odwala shuga. Mwa ana, zigamba zotuwa zokhala ndi mamba ndi chipere, chimene chimafuna mankhwala akumwa kwa milungu ingapo, osati odzola okha. Chindoko chikafika pa gawo lachiwiri chimathothola tsitsi mwa timagamba ting'onoting'ono, ndipo HIV yosathandizidwa, matenda a lupus ndi mankhwala a khansa nazo zimakhudza tsitsi.

Choncho pofufuza vutoli, kaonekedwe ka kuthothokako ndiko kumatsogolera. Tsitsi likamagwa mutu wonse mofanana, ndi kampira koyera kumuzu, maganizo amapita ku matenda a miyezi itatu yapitayo, uchembere, kuonda, ayironi, zinki, chithokomiro ndi mankhwala amene munthu akumwa. Likamapyapyala paliwombo kapena kubwerera m'mbuyo pachipumi, amapita ku mtundu, mahomoni ndi insulini. Likamaduka pakati, muzu uli bwino, vuto lili pa kasamalidwe. Pakakhala zigamba, kuyabwa, mafinya, kuwawa kapena khungu losalala lopanda timabowo, pafunika dokotala wa khungu mwamsanga. Zoyeza zimene zimathandiza ambiri ndi zochepa: kuchuluka kwa magazi, ferritin, TSH ndi shuga, ndipo zina zimawonjezedwa malinga ndi zimene wodwala wafotokoza.

Chithandizo chikayamba, mizu imatsata nyengo zake zomwe zija. Kuthothoka kumachepa pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo popeza tsitsi limatalika sentimita imodzi yokha pamwezi, pamatenga chaka kapena kupitirira kuti mutu udzazenso. Mapiritsi a ayironi amamwedwa miyezi ina itatu magazi atakwera kale, kuti nkhokwe ya ferritin ibwerere. Pa dazi la mtundu, mankhwala amene ali ndi umboni wokwanira ndi minoxidil wodzola, amene anavomerezedwa ku America mu 1988, ndi finasteride wakumwa wa amuna, wovomerezedwa mu 1997. Onse awiri amagwira ntchito pokhapokha munthu akupitiriza kuwagwiritsa ntchito, ndipo finasteride ndi woletsedwa kwa mayi woyembekezera kapena amene angatenge pakati, chifukwa akhoza kuwononga ziwalo zoberekera za mwana wamwamuna ali m'mimba.